Mawu a akuluakulu akoma akagonera, koma agonere pati?

Makolo adati mawu a akuluakulu akoma akagonera. Ankanena za mwana wosamva amene amadzakumbukira malangizo a agogo ake madzi atafika kale m'khosi. Sankadziwa kuti kudzabwera anthu a ndalama zawo ku America, ku Germany ndi ku Japan amene adzautenge mwambiwu monga momwe ulili, n'kumagula mawu ogonera pa mtengo wa galimoto. Anthuwa amagwirizana pa chinthu chimodzi, choti nyimbo za pafoni n'zozizira. Koma mukangowafunsa kuti mawuwo agonere pati, pa mbale kapena pa tepi yaikulu ija ya mawilo awiri, mkulu wake wa kaseti, chibale chimathera pomwepo.

A mbale ndiwo ambiri. Mbale ya LP idatuluka mu 1948 ku kampani ya Columbia, ndipo CD itabwera anthu adaikumbira manda. Idakana kulowamo. Mu 2022 ku America kudagulidwa mbale pafupifupi 41 miliyoni pomwe ma CD anali 33 miliyoni, koyamba kuti mbale zipose ma CD kuchokera mu 1987. Munthu wa mbale wa masiku ano amaitsuka ndi makina akeake, amaigwira m'mphepete mokha, ndipo ali ndi kasikelo koyezera kulemera kwa singano, kuti ikhale cha pa magalamu awiri basi.

Ku Mulanje mbale si yachilendo. Amuna obwera ku Joni pa Wenela, kapena ku Salisbury, ankafika kumudzi ndi sutikesi, jekete ndi gumbagumba, mabatire ake atakulungidwa bwinobwino. Sikelo yawo inali ndalama yachitsulo. Ovina akagwedeza tebulo singano n'kuyamba kudumpha, mwini wake ankaika ndalama pamutu pa singanoyo, ikakanabe n'kusanjikizapo ina. Singano inkalima mbale usiku wonse, kanindo ndi simanjemanje zikulira pakati pa kuthetheka, mpaka nyimbo yokondedwa kwambiri n'kukhala yoyamba kutha. Katswiri wa ku Tokyo ataona zimenezi angakomoke, koma gule ankafika m'bandakucha.

A tepi ndi ochepa, koma matama awo ndi a anthu ambiri. Mfundo yawo n'njovuta kuitsutsa: kuyambira m'ma 1950 mpaka cha m'ma 1980, pafupifupi nyimbo iliyonse inkayamba yajambulidwa pa tepi, kenako n'kudindidwa pa mbale. Choncho mbale ndi mdzukulu wongobwereza zimene adamva, gogo mwini mawu ndi tepi. Amisiri odula mbale amachepetsa besi kuti singano isalumphe mzere, ndipo nyimbo za kumapeto, pafupi ndi kabowo ka pakati, zimamveka mofinyika chifukwa kumeneko mzere umadutsa pansi pa singano pang'onopang'ono. Tepi ya akatswiri imathamanga masentimita 38 pa sekondi kuyambira poyamba mpaka pomaliza, osasankha nyimbo.

Vuto ndi thumba. Pa liwiro limenelo wilo lalikulu limatha pa theka la ola, motero chimbale chimodzi chimafuna mawilo awiri, ndipo kampani ya Analogue Productions idayamba kugulitsa zimbale zotere pa madola 450 chimodzi. Mu 2024 kampani ya Revox idatulutsanso makina ake otchuka a B77, atsopano, pa mtengo woposa madola 15,000. Munthu akalipira zonsezo ndiye kuti wadzigulira ganyu. Atenge nsonga ya tepi ndi zala ziwiri, aipititse pa timawilo ndi pamitu yowerenga mawu, aikulunge pa wilo lopanda kanthu, ndipo popeza matepi ambiri amasungidwa chakumapeto, ayambe waibweza yonse asanamve ngakhale gitala mmodzi. Mlendo wofuna nyimbo yachitatu akhale pansi, amwe kaye tiyi.

Chosekesa n'chakuti Malawi adasankha kale mbali pa mkanganowu, ndipo adasankha ya olemera chifukwa cha umphawi. Dziko lino silidakhale ndi msika waukulu wodinda mbale. Nzeru Record Company idayamba mu 1968 koma sidakhalitse. Mbale zambiri zimene zinkalira m'midzi ya pansi pa phiri la Mulanje zinali za ku South Africa, ku Congo, ku Kenya ndi ku Rhodesia. Woimba wa kuno akafuna kumveka ankapita ku MBC, imene idakhazikitsidwa mu 1964, n'kukaimba pamaso pa makina a mawilo awiri. Mmenemo ndi momwe mawu ngati a Allan Namoko wa ku Thyolo, mnansi wa Mulanje, adafikira m'nyumba za anthu, iye ndi banjo yake. Ngakhale kale MBC isanabadwe, Hugh Tracey adayendayenda mu Nyasaland mu 1950, 1957 ndi 1958 akujambula nyimbo za m'midzi, ndipo zimene adajambulazo zikusungidwa ku International Library of African Music ku Makhanda, South Africa. Gerhard Kubik adakumana ndi Daniel ndi Donald Kachamba mu 1967, nayenso ndi makina a tepi. Chimene wolemera wa ku Ulaya amachilota, tepi yeniyeni yoyamba, ku MBC ku Chichiri chinali pa shelefu.

Koma mwambi uja sudanene za malo ogona, ndipo apa Mulanje ali ndi mawu. Mvula ndi chiperoni zimene zimakometsa tiyi wa ku Lujeri ndi adani a tepi. Chinyezi chikalowa, tepi imachita chuku, ndipo mitundu ina ya m'ma 1970 ndi 1980 imayamba kumata, n'kumasiya utoto wake wa bulauni pamitu ya makina pamodzi ndi mawu omwe. Mankhwala ake ndi odabwitsa: akatswiri amaiika mu uvuni wa kutentha pang'ono, cha m'ma digiri 50, kwa maola angapo, kuti ilire kamodzi aikopere. Mawu a akuluakulu amafuna kutenthetsa ngati mkute. Mbale nayo isadzitame. Ikagonera chopendekeka pansi pa malata mu Okutobala imapindika, singano n'kumakwera ndi kutsika zitunda, woimba n'kumamveka ngati wadutsira kaye pa mowa.

Mpake kuti MBC, mothandizidwa ndi dziko la Norway, idayamba kusamutsira matepi ake akale pa kompyuta, ntchito imene katswiri wa nyimbo Waliko Makhala adaigwira nawo. Okonda zakale angadandaule kuti gogo wavekedwa suti ya pulasitiki, koma kusiyana kwake kumveka ndi khutu la ndani? Mu 2022 zidaululika kuti kampani ya Mobile Fidelity ya ku America, imene mbale zake zodula anthu ankazitama kuti sizidakhudzepo kompyuta, inali itakhala zaka ikuyamba yakopera matepi mwa digito isanadule mbale. Makutu a golide onse aja sadamve kanthu mpaka nkhani itatuluka, ndipo atamva adathamangira kukhoti, mlandu n'kuthera pa chipepeso cha madola mamiliyoni. Mnyamata wa kompyuta pa Chitakale kapena pa Limbuli, amene amathira nyimbo mazanamazana mu memore khadi munthu akudikira basi ya ku Muloza, amanena poyera kuti zonse n'za pakompyuta, ndipo akapemphedwa za makedzana amangofunsa kuti, "Zingati, bwana?"