Kagulidwe ka Masipika: Malangizo kwa Otopa ndi Mtendere

Mwaganiza zogula masipika a hi-fi. Mwachita bwino, achimwene, chifukwa bata lachuluka kwambiri m'dera lanu ndipo pakufunika munthu wolimba mtima woti alithetse. Khalani pansi ndikulangizeni, ulere.

Musalole makutu anu kulowerera pa nkhaniyi. Sipika imagulidwa ndi maso. Mukalowa m'sitolo ku Limbe kapena kwa Malangalanga ku Lilongwe, funani ya timagetsi tothwanima, kenako muyang'ane nambala ya pakatoni. Mukaona palembedwa 5000W PMPO, tulutsani ndalama msanga wina asanakupondereni. Koma musatembenuze chipangizocho n'kuwerenga kapepala ka kumbuyo, pamene alemba kuti chimadya magetsi a mawati 60 okha. Mungayambe kudzifunsa kuti chodya 60 chingabereke bwanji 5000, ndipo mafunso otere ndi amene amaononga malonda a anthu. PMPO ilibe muyezo umene onse anagwirizana, aliyense amalemba mmene wadzukira tsikulo. Nambala yonena zoona ndi ya RMS, mphamvu imene ampulifaya imatha kutulutsa mosalekeza, koma imakhala yaing'ono, yochititsa manyazi pouza alamu anu.

Pali nambala inanso imene muyenera kuithawa, ya sensitivity. Imanena, mu ma dB, kukula kwa phokoso limene sipika imatulutsa ikapatsidwa wati imodzi, munthu ataima pa mtunda wa mita imodzi. Kuwonjezera 3 dB kumafuna kuwirikiza mphamvu kawiri, choncho sipika ya 90 dB pa mawati 25 imalira mofanana ndi ya 87 dB pa mawati 50. Choipa kwambiri n'chakuti, kuti khutu limve ngati phokoso lakula kawiri, mphamvu iyenera kuwirikiza ka 10. Paul Klipsch wa ku Hope m'chigawo cha Arkansas ku America anatulutsa Klipschorn mu 1946, sipika imene pa wati imodzi yokha imadutsa 100 dB, ndipo mpaka lero ikupangidwabe. Wati imodzi! Nkhani ngati imeneyi musaifalitse, ingagwetse ulemu wa onse amene amayezana uchamuna ndi mawati.

Za ma ohm ndi zosavuta. Ampulifaya yanu ikalembedwa kuti imafuna masipika a 8 ohms, lumikizani anayi pa waya umodzi. Awiri a 8 akagawana malo amodzi amasanduka 4, anayi amasanduka 2, ndipo ampulifaya imakakamizidwa kukoka magetsi ochuluka ngati wakabaza wosenza matumba anayi a chimanga pachitunda. Mukamva kafungo ka pulasitiki wopserera, dziwani kuti katundu akugwira ntchito modzipereka. Ngati ampulifayayo ndi yaing'ono, kwezani voliyumu mpaka pomalizira. Ikafika pothera mphamvu imayamba kudula nsonga za mafunde a mawu, nyimbo n'kumakanda m'khutu, ndipo ka tweeter, kasipika kakang'ono kotulutsa mawu oonda kaja, kamatha kupsa mwakachetechete. Anthu ambiri amaganiza kuti sipika imaphedwa ndi ampulifaya yaikulu yokha. Asiyeni aziganiza choncho, okonza mawailesi nawonso ali ndi ana ofunika fizi.

Tsopano tibwere pa chipinda, chimene ndi bwana weniweni wa nkhani yonseyi ngakhale palibe amachifunsa maganizo. Tiyerekeze balaza lanu ndi la mamita 4 m'litali ndi 3 m'lifupi, pansi simenti, makoma a njerwa, pamwamba malata opanda siling'i. Gulani masipika aatali ofika m'chifuwa, muwakankhire m'makona, chifukwa makoma awiri ndi pansi zimakuza besi popanda kulipira. Apa ndiye pamachitika zodabwitsa. Mawu amathamanga pafupifupi mamita 343 pa sekondi, ndiye m'chipinda cha mamita 4 kamvekedwe ka pafupi ndi 43 Hz kamagunda khoma ili, n'kubwerera ku linalo, n'kumadziunjikira kokha. Nsambo yaikulu ya gitala ya besi imalira pa 41 Hz. Mwaona mwayi wake? Woyimba kaya adule manotsi okoma chotani, inu muzingomva limodzi lokha, duu, duu, duu, malata akuvomereza pamwamba. Komanso funde limeneli limakhala lamphamvu m'mphepete mwa makoma, pakati pa chipinda n'kutsala pang'ono kuzimiririka. Ndiye kuti inuyo muli pampando pakatikati, mukudandaula kuti besi yachepa, mukukweza voliyumu, pamene a neba amene bedi lawo lagunda khoma lomwelo akuilandira yonse m'nthiti. Mwagula ndinu, akumva ndi iwo. Chikondi cha pa mnansi chimaposa pamenepa?

Makatani okhuthala, kapeti, sofa ndi shelefu ya mabuku zimameza mawu obwerera kuchokera m'makoma, nyimbo n'kumamveka bwino. Zitulutseni zonse. Akatswiri amanenanso kuti masipika awiri ndi mutu wanu zizitalikirana mofanana, kuti muwasunthe pang'ono kuchoka kukhoma, ndiponso kuti tweeter ilingane ndi makutu mukakhala pansi. Akatswiriwo sanaone balaza lanu. Imodzi ikwezeni pamwamba pa kabati ya mbale zagalasi, inayo ibiseni kuseri kwa sofa, zonse muzifunditse tinsalu toluka n'kuikapo maluwa apulasitiki. Wina akatsutsa, muuzeni kuti m'zaka za m'ma 1980 akatswiri ojambula nyimbo m'masitudiyo otchuka ankaphimba tweeter ya Yamaha NS-10 ndi tishu pofuna kuchepetsa kuthwa kwa mawu ake. Zimenezi n'zoona, ndipo mayi a kunyumba ndi tinsalu tawo toluka angokhala patsogolo pa sayansi. Mawaya ofiira ndi akuda musavutike nawo. Mukasemphanitsa ku sipika imodzi, ina ikamakankha mpweya inzake imakoka, besi n'kuthawa, inu n'kupeza chifukwa chabwino chogulira sabuufa, sipika yotulutsa besi yokhayokha.

Mungakumane ndi munthu wokunyengererani kuti chipinda chaching'ono chimafuna masipika aang'ono. Adzakuuzani za LS3/5a, kabokosi kotalika pafupifupi masentimita 30 kamene BBC inakonza m'zaka za m'ma 1970 kuti kazigwira ntchito m'magalimoto oulutsira mawu, komwe malo ndi ochepa, ndipo okonda nyimbo akukafunafunabe chifukwa cha mmene kamatulutsira mawu a munthu. Mufunseni funso limodzi: kodi mlendo akalowa pakhomo akaona kali patali?

Nanga nyimbo zimene mumakonda? Kunena zoona zimasiyana zofuna zake. Rege ya Black Missionaries ndi amapiano zimafuna sipika yotsika pansi, yokankha mpweya wambiri. Kwaya ya kumpingo, banjo ya Allan Namoko ndi mawu a agogo Giddes Chalamanda zimakhala pakati, pamene sipika yabwino imakumvetsani kupuma kwa woyimba ndi kukhudza kwa chala pansambo. Munthu wanzeru amanyamula nyimbo zake popita kusitolo, n'kumvetsera masipika awiri kapena atatu pa voliyumu yofanana, popeza yokwera pang'ono nthawi zonse imaoneka ngati yokoma. Inu musadzivute. Lolani wogulitsa akuikireni nyimbo yake imodzi yomwe ija, yogwedeza mawindo, mugule masabuufa awiri, mukafike kunyumba muzikamvera ulaliki ndi mpira wa Loweruka.

Chatsala ndi makutu aja tinawasiya panja. Akatswiri a zaumoyo wa pantchito amati phokoso la 85 dB munthu asalimve kupitirira maola 8 patsiku, ndipo likakwera ndi 3 dB nthawiyo imadulidwa pakati. Pa 100 dB mwatsala ndi mphindi 15 zokha. Timaselo ta mkati mwa khutu timene timamva mawu tikafa sitimeranso, ndipo kawirikawiri oyamba kutayika amakhala mawu oonda. Apa ndi pamene dongosolo lathu limapulumutsa ndalama: pakapita zaka, sipika yotchipa ndi yodula zidzayamba kumveka chimodzimodzi, ndipo simudzalowanso m'sitolo ya hi-fi. Muzidzangokumbukira kuyang'ana milomo ya adzukulu akamakulankhulani.