Kavalo sakana chithunzi chake

Ku England kuli anthu amene amadyetsa mabanja awo pojambula akavalo basi. Amanyamula kamera n'kumatsatira zionetsero za akavalo tauni ndi tauni: mwezi uno ali ku Royal Windsor Horse Show, chionetsero chimene chidayamba mu 1943, mwezi wina ali ku Birmingham. Kavalo akamalumpha mpanda iwo amatchera kamera, mwini kavalo amagula chithunzi, aliyense n'kumapita kwawo. Kuno ku Blantyre kavalo timangomumva m'Baibulo. Mwana wa ku Bangwe akafuna kuona weniweni ndiye akwere basi mpaka ku Kande ku Nkhata Bay, kumene alendo amalipira kuti akwere pamsana pake, apo ayi akhutire ndi abulu a ku Dedza. Koma ntchito yoyendayenda ndi kamera ifenso tili nayo, ndipo chionetsero chilipo Loweruka lililonse. Vuto n'lakuti oonetsedwa athu amayenda ndi miyendo iwiri, komanso amadziwa kuyankha.

Wogwira ntchitoyi dzina lake lenileni palibe amene amalidziwa, tonse timangoti Ajambula. Amavala kajekete ka pa kaunjika ka matumba ambirimbiri, kamera ili pakhosi, nsapato zitatha mbali imodzi. Khadi la ukwati sanalandirepo, koma palibe ukwati umene umamudutsa, chifukwa zolengeza za m'tchalitchi amazimvetsera kuposa ulaliki. M'mawa mumupeza panja pa St Michael and All Angels ku HHI. Masana wafika kale ku Comesa Hall ku Chichiri kapena ku Robin's Park cha ku Njamba, akudikira pakhomo. Wojambula wolembedwa ntchito ndi eni ukwati amamuyang'ana ndi diso lofiira, koma iye alibe nazo kanthu. Mkwati ndi mkwatibwi si ake. Ake ndi inu ndi ine, obwera kudzaonetsa zovala.

Ndipo timaonetsadi. Mayi amatsika minibasi patali ndithu, n'kuvula masilipasi, n'kutulutsa nsapato zazitali m'chikwama, kenako n'kuyamba kuyenda mwaulemu kulunjika kumene kuli kamera. "Ajambula, tandijambulani apa. Iyayi, dikirani, chikwamachi chioneke." Bambo nawo amasankha galimoto yonyezimira kwambiri pamalo oimikapo magalimoto, n'kuitsamira, makiyi akulendewera pachala. Makiyiwo ndi a loko wa pakhomo ku Goliyo, koma pachithunzi salembapo zimenezo. Mwini galimoto akatulukira, bambo aja amamupatsa moni wa manja awiri n'kusunthira pa ina.

M'holo muli chionetsero china. Nthawi ya perekani-perekani, a malume a mkwatibwi amadzuka atakweza m'mwamba K5,000, ndalama ija idatuluka mu 2022, n'kumavina nayo pang'onopang'ono mpaka kamera itawala. Ikangowala amakhotera ku tebulo la osintha ndalama, ndipo zimene zimakagwa m'lichero ndi ma K50 ndi ma K100, imodziimodzi, nyimbo mpaka kutha. Chenji chotsala chimabwerera m'thumba la jekete. Ku banja konse adzakumbukiridwa ndi chithunzi chija.

Keke isanadulidwe, Ajambula wakwera kale kabaza kupita kokatsukitsa zithunzi. Ndalama ya kabaza ndi yake, yotsukitsira ndi yakenso, zonse amalipira asanaone tambala ya munthu. Akapeza magetsi azima kumeneko, tsikulo lapita. Akapeza alipo, amabwerera thukuta lili kamukamu n'kuyala zithunzi pansalu pafupi ndi geti, timiyala pamwamba kuopa mphepo. Apa m'pamene khalidwe lathu limaonekera bwino.

Mayi uja wa chikwama amafika, n'kuwerama, n'kutola chithunzi chake. Amachiyang'ana nthawi yaitali.

"Ameneyu ndi ine?"

"Ndinu amene, mayi."

"Ayi, mwandidetsa. Ine sindine wakuda chonchi. Nanga khosi langa lili kuti?"

"Dzuwa linali kumbuyo, mayi, paja ndinakuuzani kuti mutembenuke."

"Ndiye ndi zingati?"

Akamva mtengo amagwira pakamwa, n'kuitana mnzake kuti adzamve nawo zachilendozi. Mnzakeyo amagamula kuti chithunzicho chawakalambitsa. Kenako pamabwera funso limene Ajambula aliyense walimva mpaka kutopa nalo: "Kodi ndinakutumani?" Munthu yemwe uja amakuwa kuti chikwama chioneke. Akukambirana choncho, dzanja lina latulutsa kale foni ya Tecno, ndipo chithunzi choipa chija, chodetsa chija, chajambulidwa mwakachetechete. Pofika madzulo chili pa WhatsApp, pansi pake atalembapo mawu othokoza Mulungu. Pepala lija labwerera pansi pa kamwala.

Apa ndiye ndimawasirira anzathu a ku England. Kavalo sanena kuti mwamunenepetsa. Sapempha kuti mumuwalitse nkhope, kapena kuti mufufute mkazi mnzake amene waima kumbuyo. Komabe tisawasirire mopitirira. Mu 1878 ku Palo Alto ku America, Eadweard Muybridge adajambula kavalo akuthamanga, n'kuonetsa kuti pali kamphindi kamene miyendo yonse inayi imakhala m'malere. Adamutuma ndi mpondamatiki Leland Stanford. Patapita zaka zochepa buku la ntchitoyo lidatuluka popanda kumulemekeza wojambulayo monga mwini zithunzi, nkhani idakafika kukhoti, ndipo Muybridge sadapindule kanthu. Kavalo analibe mlandu. Wovuta anali mwini wake, wa miyendo iwiri.

Za mtengo tisanamizane. Pepala la zithunzi ndi inki yake zimachokera kunja, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 zonsezi zidakwera. Kabaza adakwera, sopo adakwera, ngakhale bonya adakwera, ndipo tidadandaula koma tikugulabe. Chithunzi chokha n'chimene timafuna pa mtengo wa nthawi ya a Bakili Muluzi. Munthu wavala suti yobwereka, wamwa mowa wa ulere, wanyamulanso nkhuku ya anthu awiri m'jumbo, koma pa chithunzi m'pamene wakumbukira kuti zinthu zavuta m'dziko muno.

Alipo kasitomala mmodzi yekha amene sanenerera. Ndi bambo amene kamera yawapeza akuseka moyandikana kwambiri ndi munthu amene kunyumba sakumudziwa. Ameneyo amafika pansalu paja mwakachetechete, n'kufunsa motsitsa mawu kuti, "Achimwene, zilipo zingati zoterezi?" Amagula zonse, chenji osafunsa, n'kuimirira pomwepo mpaka ataona ndi maso ake kuti m'kameramo achifufuta. Ajambula ena amati lendi ya mwezi imachokera kwa bambo ngati amenewa.

Otsalawo ndi a ngongole. "Mubwere nacho kunyumba pakutha pa mwezi." Kunyumba kwake nkuti? "Ku Machinjiri, mukatsika pa chigayo mufunse kwa amake mapasa." Ku Machinjiri zigayo n'zambiri, ndipo amake mapasa ali mbali zonse. Ajambula amakwera mitunda ya ku Chilomoni, kutsika ku Nthukwa, kuwoloka timitsinje ta ku Zingwangwa, envulopu ili m'khwapa. Akaipeza nyumbayo, aneba amamuuza kuti anthuwo adasamuka usiku, ndipo alandilodi nawonso akuwafuna. Akawapeza eni ake, amamulandira bwino kwambiri: mpando, madzi akumwa, chithunzi chizungulira banja lonse mpaka ana achidetsa ndi zala za mafuta, kenako amve kuti bambo sanalandire.

N'chifukwa chake pansi pa bedi la Ajambula aliyense pali katoni. M'menemo muli Blantyre yense: ma bridal shower, zinkhoswe, ana a ubatizo amene pano ali ndi ndevu, omaliza maphunziro ku Poly isanasinthe dzina kukhala MUBAS, atavala mikanjo imene adabwereka kwa anzawo kwa mphindi zisanu. Muli maukwati amene adatha kalekale, ankhoswe adagawa kale mbale ndi mipando, koma chithunzi cha tsiku la chisangalalo sichinalipiridwebe.

Katoniyo amaikumbukira pakagwa zovuta. Foni ija idabedwa mu minibasi ya ku Limbe, ina idagwera m'madzi, ndipo abale akufuna chithunzi chabwino choti aike papulogalamu ya mwambo wa maliro. Pamenepo amatuma mnyamata m'mamawa kukagogoda kwa Ajambula, ndipo chithunzi chodetsa chija chimasanduka chokongola, aliyense akuti malemu ankaoneka chonchi ndithu. Ngakhale pamenepo wina amafunsabe ngati sangachotsereko pang'ono, poti ndi zamaliro.

Loweruka likubwerali kuli ukwati wina, ndipo Ajambula adzakhala pageti. Ngati m'thumba mulibe ya chithunzi, mudzangodutsa chammbali n'kukakhala pansi. Koma mukadzaima, n'kukonza kolala, n'kufunsa ngati nsapato zikuoneka, mwamutuma ndinu. Mulipireni.