Ndinapereka Kamuzu m'malo mwa Rose Chibambo

Ine kwathu n'ku Chinguluwe, m'boma la Salima, ndipo anthu a ku Lilongwe akangomva zimenezi amaganiza kuti m'mawa uliwonse ndimakasukusula m'nyanja. Kwathu n'kuthonje, abale anga. Bambo anga anabwera kuno m'nthawi ya Kamuzu, boma likugawa minda mu sikimu, ndipo kuyambira pamenepo banja lathu nyanja timangoidziwira pa usipa wouma wa pamsika. Ndinafika zaka 47 ndisanakwerepo boti. Zimenezo sindichita nazo manyazi. Manyazi anga ali pa zimene ndinachita potsika.

Anayambitsa zonsezi ndi alamu anga, achimwene awo a akazi anga Nachisale, amene amakhala ku Durban. Kumeneko amayendetsa kabasi konyamula alendo otsika m'sitima zikuluzikulu zapanyanja, zija akuti ndi mudzi wathunthu woyandama, wokhala ndi malo odyera, dziwe losambira, mwinanso ndi nyakwawa yake. Sitima ikakocheza m'mawa, alamu amatenga alendowo kupita nawo ku Valley of a Thousand Hills, n'kuwabweza madzulo sitimayo isanawathawe. Ntchitoyi imagwira bwino kuyambira Novembala mpaka cha mu Epulo. Mwezi wa Juni ukafika alamu amakhala alibe chochita, ndiye amabwera kuno kudzatiphunzitsa moyo.

Usiku woyamba, tili pakhonde tikudya chinangwa, anayamba nkhani ya tipu. Akuti m'sitimamo makampani ambiri, monga Carnival ndi Royal Caribbean, safunsanso kuti mwakondwa kapena ayi. Amangolemba okha pa bilu ya mlendo madola pakati pa 16 ndi 20 tsiku lililonse, ndalama yothokozera oyala mabedi ndi operekera zakudya. Koma dalaivala ndi woperekeza alendo kumtunda sagawiridwako ngakhale tambala. Awo chiyembekezo chawo chili pakhomo pa basi, nthawi yotsika, pamene mlendo amagwira munthu chanza ndi kakapepala kopinda m'chikhatho.

"Alamu, pakhomo pa basi m'pamene timadziwira mitundu ya anthu," anatero. Akuti Mmereka amapereka mosaumira chifukwa kwawo lamulo limalola kuti woperekera zakudya azilipidwa madola 2.13 okha pa ola, zotsalazo n'za tipu, ndiye munthu amakula akudziwa kuti 15 kapena 20 pa 100 iliyonse si yake. Mjapani amangowerama mwaulemu kwambiri, chifukwa kwawo mwambo umenewu kulibe, ndipo ukampatsa woperekera zakudya ndalama yoonjezera angathe kukuthamangira nayo poganiza kuti waiwala.

"Nanga Mmalawi?" ndinafunsa.

"Mmalawi amafunsa ngati m'basimo mwatsalako botolo la madzi."

Apa ndinaimirira kuteteza fuko. Ndinati ife kufupa tinayamba kale azungu asanadziwe n'komwe kuti kuno kuli nyanja. Gule akatuluka timafupa. Pa ukwati perekaniperekani amatenga maola atatu, ndipo munthu amayamba wasinthitsa ndalama yake kwa owerengera patebulo kuti ikhale timapepala ta K50 tambirimbiri, avine nthawi yaitali, akuchipongozi aone. Sing'anga sapita kuthengo wopanda chipondamthengo. Alamu anangondiyang'ana n'kunena kuti, "Kumeneko kuli ng'oma ndi wolengeza pa chimkuzamawu. Nanga wakabaza munayamba mwamufupapo?"

Ndinatafuna chinangwa kwa nthawi yaitali. Kunena zoona, ife munthu amene watinyamula timakangana naye mtengo mpaka afike pofuna kulira. Ndipo tipu yathu imayenda chobwerera m'mbuyo: ndikagula tomato wa mulu umodzi, ndine amene ndimatambasula jumbo kudikira basela, mayi wogulitsayo n'kumandithokozanso.

Loweruka alamu anati tipite ku Senga Bay ndikaone ndi maso anga. Ndinavala nsapato zanga za kutchalitchi, poti munthu sukaonekera kwa azungu ndi nkhwaira. Tikunyamuka, alamu anandipatsa K5,000 yatsopano, ya nkhope ya Kamuzu, n'kunena mokweza kuti mlongo wawo amve: "Iyi mugulire achemwali shuga ndi sopo pobwerera, poti ine madzulo ndipitirira ku Lilongwe." Ndinaiika m'thumba lakumanja. M'thumba lakumanzere munali chuma changachanga, K200, ya nkhope ya mayi Rose Chibambo. Chonde sungani bwino matumba awiriwa m'mutu mwanu, chifukwa ine sindinawasunge.

Botilo linali ndi anthu atatu ogwira ntchito. Woyamba anali mnyamata wolongolola amene aliyense ankamutcha Kaputeni, ngakhale chiwongolero sanachigwire n'kamodzi komwe. Wachiwiri anali bambo wa injini, amene ulendo wonse sanalankhule mawu ngakhale amodzi. Wachitatu anali kamnyamata kokhala ndi chigubu chodula pakati. Nditafunsa ntchito ya chigubucho, kanati n'chokapira madzi akalowa m'boti. Ndinafunsa kuti amalowa bwanji madzi m'boti labwinobwino. Kanaseka. Azungu anayi amene tinakwera nawo anasekanso, ngakhale sanamve.

Juni ndi nyengo ya mwera. Ife a kumtunda mwera timaudziwa ngati kamphepo kogwetsa zovala pachingwe. Panyanja ndi chilombo china. Boti likakwera funde, mtima unkatsalira pansi, likatsika, chinangwa cha dzana chinkabwera kudzafunsa za moyo. Ndinagwira chinthu cholimba chimene ndinachipeza pafupi, ndipo patapita nthawi ndinazindikira kuti linali bondo la mzungu wamwamuna. Munthu wabwino, sanadandaule.

Pamenepo Kaputeni anali ataimirira chilili, osagwira kanthu, akuphunzitsa. Akuti nyanja yathuyi ndi yachitatu kukula mu Africa muno, ndipo ili ndi mitundu ya nsomba yambiri kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere. Analoza chakumwera kumene kuli zilumba za Maleri, n'kunena kuti zili m'gulu la malo otetezedwa a Lake Malawi National Park, amene a UNESCO anawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 1984. Zonsezi m'Chingerezi chothamanga ngati cha pa wailesi, mwana woti sukulu analekezera Fomu 2. Kenaka anati kumpoto nyanjayi imazama mamita pafupifupi 700. Chiphunzitso chimenecho akanatha kuchisunga mpaka titafika kumtunda. Ndinamanganso zingwe za jekete yoyandamitsa ija mpaka kupuma kunayamba kuvuta.

Tinafika pa chilumba cha Namalenje, chimene azungu amachitcha Lizard Island chifukwa cha ng'azi zake. Azungu anajambula ng'azi imodzi zithunzi zokwana kudzaza chikalata cha ukwati. Ine ndinangoti chete, poti kwathu ng'azi ndi mbava ya mazira ndipo timaithamangitsa ndi mpini. Iwo anavala magalasi n'kulowa m'madzi kukaona mbuna. Ine ndinatsala pamwala kulondera nsapato zanga.

Apo m'pamene Kaputeni anadzakhala pambali panga n'kusiya Chingerezi chija. "Madala, musaone kuseka," anatero. Boti ndi la bwana wina wa kumtunda. Ndalama imene alendo amalipira imayamba yapita ku petulo, kenaka kwa mwini boti, ndipo atatuwo amagawana zimene zatsala, ngati zatsala. Chichokereni Novembala 2023, pamene kwacha inagwa ndi 44 pa 100 iliyonse, petulo amadya gawo la mkango. Nyengo ya mvula alendo kulibe. "Ndiye tikaona dzanja likulowa m'thumba, ife mtima umayamba kugunda." Ndinagwedeza mutu mwachifundo, uku ndikukhudza thumba lakumanzere kuti nditsimikize kuti mayi Chibambo alipo.

Pobwerera anationetsa za nkhwazi. Kaputeni analiza likhweru, n'kuponya kansomba m'madzi. Nkhwazi inachoka mumtengo, inatsika ngati muvi, n'kutola nsombayo ndi zikhadabo osanyowa n'komwe. Azungu anakuwa. Ine chimene ndinaona n'chakuti pa onse ogwira ntchito panyanjapo, nkhwazi yokha ndi imene imalandiriratu malipiro isanagwire ntchito, ndipo siyembekeza chifundo cha munthu. N'chifukwa chake inaikidwa pamwamba pa chizindikiro cha boma.

Tsono potsika. Pagombe pamenepo panalibe potsikira, boti limangoima m'madzi ofika m'maondo, ngati mmene amachitira maboti a sitima ya Ilala ku Nkhotakota. Azungu analumphira m'madzi ndi timakabudula tawo. Ine ndinayang'ana madzi, ndinayang'ana nsapato za kutchalitchi. Kaputeni sanafunse. Anangotembenuka, n'kuwerama, n'kunena kuti, "Kwerani, madala." Ndipo ine, bambo wa ana asanu, mlembi wa komiti ya mjigo, ndinaberekedwa kumsana ngati khanda lopita kusikelo, miyendo ili lendelende, azungu akujambula.

Atanditsitsa pamchenga, mwambo uja wa pakhomo pa basi unayamba. Mzungu woyamba anagwira Kaputeni chanza, kapepala kobiriwira n'kusintha mwini. Wachiwiri chimodzimodzi. Alamu anapereka yawo mwaukatswiri, osaoneka n'komwe kuti dzanja layenda. Kenaka panagwa bata. Wa injini uja, amene sanandiyang'ane tsiku lonse, anandiyang'ana. Ka chigubu kanandiyang'ana. Ndikukhulupirira kuti nkhwazi nayo inali kuyang'ana.

Ndinali nditakonzeka. Nzeru yanga inali yoti ndipinde mayi Chibambo kanayi, ndiwalowetse m'chikhatho cha mnyamatayo, ndipo pamene azidzatambasula ine ndili kale pa Kamuzu Road. Koma munthu amene wangotsika kumene kumsana kwa mnzake sadziwa kumanja ndi kumanzere. Komanso mwambo wathu umati chinthu umapereka ndi dzanja lamanja, lamanzere litagwira pamkono. Dzanja lamanja linalowa m'thumba limene lili pafupi nalo. Ulemu ndi umene unandipha.

Kaputeni sanadikire kuti ndichoke. Anatambasula pomwepo. Ndinaona nkhope ya Ngwazi ikundiyang'ana ili m'manja mwa eni ake atsopano, ndipo ndinamva shuga wa Nachisale akusungunuka m'nyanja.

"Eee! Madala awa ndi bwana!" anakuwa Kaputeni, akuonetsa ndalamayo kumwamba. Akuti chiyambire ntchitoyi Mmalawi mnzake anali asanamupatsepo yoposa ya fanta. Wa injini anatsegula pakamwa koyamba n'kunena kuti, "Ambuye akudalitseni." Alamu anandigwira paphewa, maso ali ndi misozi: "Alamu, mwandichotsa manyazi."

Ndinasendera kufupi ndi Kaputeni n'kunong'ona kuti, "Mphwanga, chenji palibe?"

Anagwa pansi ndi phwete. Anamasulira azungu aja, nawonso anaseka mpaka kugwira m'mimba, wina n'kunena kuti Amalawi ndi anthu ansangala. Inenso ndinaseka nawo. Kuseka kwina kumatuluka ndi utsi m'mphuno.

Alamu anandilipirira galimoto mpaka pa siteji yathu, iwo n'kulowera ku Lilongwe. Ndinatsika dzuwa litapendeka, m'thumba muli mayi Chibambo okha. Pa siteji panali wakabaza amene wakhala akundinyamula zaka zisanu ndi chimodzi, amene sindinayambe ndamulipirapo mtengo umene watchula. Ndinamuuza kuti andipereke kunyumba, ndalama adzatenge thonje likagulidwa. Anavomera msanga modabwitsa. Anapalasa mumchenga, mwera ukumuwomba pachifuwa, malaya atanyowa ndi thukuta, ine ndili phee pampando wa kumbuyo ngati thumba la feteleza. Kunena chilungamo, mtunda umene anandinyamula iyeyu unaposa kutali masitepe khumi a Kaputeni aja, ndipo panalibe mzungu wojambula.

Titafika pakhomo ndinachita zimene sindinachitepo. Ndinatulutsa K200 ija n'kunena kuti, "Iyi ndi yapadera, ukamwe madzi." Anailandira ndi manja awiri, anaitembenuza uku ndi uku, n'kunena kuti, "Zikomo madala. Komatu tamva kuti kunyanja mukumapereka Kamuzu." Ka chigubu kaja ndi kamsuweni kake. Nkhani inafika pa WhatsApp ine ndisanafike n'komwe pa Kamuzu Road, pamodzi ndi chithunzi changa ndili kumsana.

Nachisale anali pakhonde, manja ali m'chiuno. Chithunzicho anali atachiona kale kwa mayi a pa mjigo.

"Abambo ake a Chisomo, shuga uja ali kuti?"

Ndinakonza pakhosi n'kuyankha ngati mkulu wa mpingo kuti akuluakulu anati kupatsa n'kuika.

"Chabwino. Mawa mulawirire mukatenge pamene munaikapo."

Papita milungu itatu tsopano. Tiyi tikumwa wopanda shuga. Mayi wa tomato anasiya kundiikira basela, akuti mabwana salandira basela. Akabaza onse a pa siteji akandiona amaimirira n'kuvula zipewa, ndipo mtengo wanga unakwera. A komiti ya chitukuko cha tchalitchi andilembera kalata yoti ndikakhale mlendo wolemekezeka pa pepa sande.

Choopsa kwambiri n'chakuti alamu asanachoke anafotokozera mlongo wawo za ku America zija, za 15 pa 100 iliyonse. Dzulo nditatha kudya nsima ya therere, Nachisale anachotsa mbale, anandithirira madzi osamba m'manja, kenaka anaima pambali panga n'kutambasula chikhatho. Ndinaganiza msanga. Ndinaimirira, ndinaika manja m'mbali, n'kuwerama mwaulemu wonse ngati Mjapani.

Lero nkhomaliro ndadyera kwa achemwali anga.