Kabuku Kachabechabe Kapatsidwe Ulemu Wake

Dziko lino limadziwa kulemekeza anthu ake. Timapereka mamendulo, timamanga zipilala, misewu timaipatsa mayina a akuluakulu, ndipo pamaliro ngakhale munthu amene ankaba mbuzi za eni timamuchitira umboni kuti malemuwa anali okonda ziweto. Koma pali mphunzitsi wina amene anagwira ntchito usana ndi usiku, wopanda malipiro, wopanda penshoni, osafunsako ngakhale alawansi, ndipo kufikira lero palibe nduna imene inaimapo pagulu n'kumuthokoza. Ndikunena kabuku kaja kokwana m'thumba la kumbuyo la thalauza, ka mapepala achikasu onunkha fumbi, kokhala ndi mayi pachikuto amene telala wake zikuoneka kuti nsalu inamuthera diresi lisanafike n'pakati pomwe. Makolo ankakatcha kachabechabe, abusa ankati n'ka Satana, a hedi akakapeza ankakalanda. Ine ndikuti kapatsidwe mpando wa patsogolo.

Kwawo kwa kabukuka ndi ku America. Mu 1939 mkulu wina, Robert de Graff, anayambitsa Pocket Books ku New York n'kuyamba kugulitsa mabuku a chikuto chofewa pa masenti 25. Nzeru yake inali yoti buku lisamadikire munthu m'sitolo ya mabuku, koma limutsatire komwe amagula ndudu, nyuzipepala ndi mankhwala a chimfine, ngakhalenso pasiteshoni ya sitima. Poyamba zinali zaulemu ndithu, moti Shakespeare analipo pa mabuku 10 oyambirira. Zinthu zinayamba kukoma mu 1950 pamene kampani ya Fawcett inatsegula Gold Medal, yosindikiza nkhani zatsopano zolembedwera m'thumba momwemo. Apa n'kuti amalonda atazindikira kale kuti bambo amene akuthamangira sitima alibe nthawi yofunsa kuti mlembi ndani. Chimene chimamuimitsa ndi chithunzi.

Ndiye ulemu woyamba upite kwa chikuto. Chikutochi chinkanena zoona pa chinthu chimodzi chokha, chakuti chikufuna ndalama zanu. Zina zonsezo linali bodza lamkunkhuniza. Mayi uja wagona pasofa, ndudu kukamwa, mfuti m'manja, munkamusaka tsamba ndi tsamba mpaka kumapeto osakumana naye. Ojambulawo tisawaimbe mlandu: Robert McGinnis yekha anajambula zikuto zoposa 1,200, ndiye munthu wa ntchito yotere mungamukakamize kuti chithunzi chizigwirizana ndi nkhani? Akale anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, koma muno nthawi zina ngakhale nyererezo simunkazipeza. Chokoma china n'chakuti chikutochi chinalibe tsankho. George Orwell mu 1944 analemba nkhani yodandaula ndi nkhanza zodzaza m'buku la James Hadley Chase, koma buku lake lomwe, lija lotchedwa 1984, litatuluka ku Signet linavekedwa mtsikana wa malaya otseguka pachifuwa, ngati kuti nkhani ya ulamuliro wankhanza ija ndi ya chibwenzi. Wanzeru ndi wachibwana onse anavala yunifomu imodzi.

Amalondawo ankadziwa pamene pali chuma. Buku likapanda kugulidwa, mwini sitolo sankavutika n'kulibweza lonse. Ankangothothola chikuto n'kutumiza kukampani kuti amubwezere ndalama zake, mapepala otsalawo n'kuwataya. Ndi buku liti lina limene linadzichepetsapo chonchi, kuvomera poyera kuti mawu ake onse 50,000 angobwera kudzaperekeza chithunzi?

Tibwere kwa alembi, ngwazi za khama. Mu 1959 William Hamling wa ku Illinois anayambitsa Nightstand Books, timabuku ta akuluakulu okhaokha. Mmodzi mwa alembi ake anali Robert Silverberg, amene dziko limamudziwa ndi nthano za sayansi. Mkuluyu analemba timabuku totere pafupifupi 150, tambiri pa dzina la Don Elliott, ndipo kamodzi kankamutengera masiku osakwana sabata. Lawrence Block ndi Donald Westlake, omwe lero amawerengedwa m'gulu la akatswiri a nkhani za upandu, nawonso anaphunzirira ntchito momwemo, wina akudzitcha Andrew Shaw, wina Alan Marshall. Mayinawa ankabwerekedwanso kwa anzawo, moti Andrew Shaw mmodzi yemweyo ankatha kukhala anthu angapo. Kudzichepetsa kwake ndi kumeneko! Kuno kwathu munthu akalemba ndakatulo imodzi amafuna chithunzi chake, mayina ake onse atatu ndi madigiri ake zituluke m'nyuzipepala, kenaka amatha zaka 10 akutiuza kuti buku lili m'njira. Awa ankamaliza buku Loweruka, Lolemba n'kuyamba lina, ndipo dzina limene anawapatsa amayi awo silinkaoneka paliponse.

Amene sanatsegulepo timabukuti amaganiza kuti m'kati munali zolaula zosaneneka. Ayi ndithu. M'zaka zoyambirira maloya a kampani ankapereka mndandanda wa mawu oletsedwa, ndipo mlembi ankayenera kufotokoza za kuchipinda mozemba mawu onsewo. Ankazungulira, kuphiphiritsa, kunena za mafunde, za moto, za namondwe, mpaka wowerenga kusokonezeka ngati awiriwa akukondana kapena akuwoloka nyanja. Komanso poopa akuluakulu a positi ofesi, amene anali ndi mphamvu zokana kunyamula mabuku olaula, osindikiza ambiri ankaonetsetsa kuti wochimwa aliyense alandire malipiro ake pomaliza. Wina wapenga, wina wachita ngozi, wina watsala yekha akulira. Mitu 11 ya tchimo, mutu umodzi wa chilango. Alaliki ena amatero ndithu, kungoti iwo chopereka amatolera pomaliza pamene kabukuka kankatolera poyambirira.

Ndi mabuku angati amene anawerengedwapo ndi aphungu ali pantchito? Mu 1952 Nyumba ya Malamulo ya America inakhazikitsa komiti yotsogozedwa ndi Ezekiel Gathings wa ku Arkansas kuti ifufuze timabuku totere, ndipo olemekezekawo anakhala pansi n'kumasanthula, akulandira malipiro ochokera ku misonkho ya anthu, kuti aone bwinobwino kuipa kwake. Kenaka kunabwera Robert Redrup, wogulitsa nyuzipepala ku Times Square, amene anagulitsa timabuku tiwiri ta Hamling kwa wapolisi wosavala yunifomu n'kugwidwa. Mlandu wake unakwera mpaka kukhoti lalikulu kwambiri la dzikolo, ndipo mu 1967 majaji anafafaniza chigamulo chomupeza wolakwa. Kabuku ka masenti ochepa kanakulitsa ufulu wosindikiza umene mabuku a mapulofesa akudyerera mpaka lero, osanena n'zikomo yemwe. Hamling mwiniwakeyo mwayi unamuthera pambuyo pake. Iye ndi mkonzi wake Earl Kemp anakalowa m'ndende chifukwa chotsatsa lipoti la boma lokhudza zolaula, limene iwo analikometsera ndi zithunzi ataona kuti boma laiwala kuikamo.

Amene anatifika ife kuno kwenikweni ndi msuweni wa ku England, James Hadley Chase uja. Dzina lake lenileni linali René Raymond, wobadwira ku London mu 1906, ndipo asanayambe kulemba ankagulitsa mabuku a eni. Buku lake loyamba, No Orchids for Miss Blandish, linatuluka mu 1939 litadzaza ndi zigawenga za ku America, dziko limene iye anali asanapondeko. Zida zake zinali mapu ndi mtanthauziramawu wa chiyankhulo cha m'misewu ya kumeneko. Pamene ankamwalira ku Switzerland mu 1985 n'kuti atalemba mabuku pafupifupi 90. Ndiye taganizani, mnyamata wa Fomu 2 ku Dedza akuidziwa Florida ngati kumudzi kwawo, ataimva kwa Mngelezi amene nayenso America anaiyambira pamapu.

Kuno kwathu nthawi imeneyo n'kuti Censorship Board, yokhazikitsidwa ndi lamulo la 1968, ikuletsa mabuku mazanamazana, ndipo kuyambira 1973 lamulo linkakaniza amayi kuvala thalauza kapena siketi yoonetsa mawondo pagulu. Mayi wa pachikuto cha mabuku a Chase a kampani ya Corgi analakwira lamuloli kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Anyamata, pokhala ana osunga ngodya zinayi, ankamuveka. Pepala la khaki likasowa ankatenga tsamba la Daily Times, pamwamba n'kulembapo ndi bolopeni dzina la phunziro lina laulemu, monga Jogalafe.

Kabuku kamodzi kankatumikira hositelo yonse. Kanali ndi mzere wake, ndipo wofuna kudumpha mzerewo ankalipira sikono kapena supuni ya chiponde. Ukakalandira Lachiwiri madzulo unkauzidwa kuti Lachitatu pa buleki kakhale katabwerera, ndiye unkakawerenga pa pulepu kali m'kati mwa atilasi, nkhope ili ndwii ngati ukusinkhasinkha za mitsinje ya ku Asia, magetsi akazimitsidwa n'kupitiriza ndi tochi m'bulangete. Msana wake unathyoka kalekale, wina anausoka ndi ulusi wakuda, wina n'kumatapo pulasitala wa kuchipatala. M'kati mwa chikuto munali mayina otsatizana, lililonse litakhwatchidwa ndi mwini wotsatira, ndiponso chenjezo loopseza akuba lolembedwa ndi munthu amene nayenso anachita kukaba. Masamba ena anali akuda m'mphepete kuposa anzake, moti ukangokaika patebulo kankatseguka kokha pamalo amenewo, kuthandiza wowerenga amene ali pa changu. Ndi laibulale iti imene ili ndi kalozera wotere?

Masamba omaliza ndiye ankasowa nthawi zonse. Ena anapita kukapichira fodya, ena kukayatsira mbaula, ena anaperekeza munthu kuchimbudzi osabwerako. Apanso tiyamike, chifukwa kabukuka kanaphunzitsa mbadwo wonse kupeka nkhani. Ukafunsa amene anawerenga kale kuti ndalama zija anathawa nazo ndani, aliyense ankakuuza zake, motsimikiza, kulumbira kumene, ndipo mkanganowo unkathetsedwa ndi belu la nsima.

Aphunzitsi a Chingerezi ankadabwa kuti mwana amene Macbeth amamugonetsa tulo mawu onsewa wawatenga kuti. Amuuza kuti alembe chimangirizo cha momwe anathera tchuthi, iye n'kuyamba bwinobwino ndi ulendo wa kwa agogo ku Ntchisi, koma pofika ndime yachitatu mwalowa sutikesi yodzaza madola, mayi wa tsitsi lofiira ndi mtembo m'buti ya galimoto. Galamala yake yosalakwika n'pamodzi pomwe. Ndi misonkhano ingati imene yachitika m'mahotela a kunyanja yokambirana zolimbikitsa chikhalidwe chowerenga? Kabukuka sikanapiteko ngakhale ku umodzi, koma ana ankakalimbirana mpaka kung'ambirana malaya. Kanali koletsedwa, ndipo tsamba lililonse linkatha mokukakamiza kuti utsegule linzake. Kanasiyanso mbewu mu Africa muno. Ku Kenya David Maillu anatulutsa After 4.30 mu 1974, Macmillan inayamba Pacesetters mu 1977, ndipo ku Blantyre Aubrey Kalitera ankadzilembera ndi kudzisindikizira manovelo ake pa dzina la Power Pen Books.

Pa nkhani ya amayi kabukuka kanali ndi chilungamo chakechake. M'menemo munalibe ulova, mzimayi aliyense ankapatsidwa ntchito: kaya kunyengerera mwamuna kuti akabe, kaya kumupereka kwa apolisi, kaya kupezeka atafa m'mutu wachitatu. Wokhala ndi nzeru ndiye anali woopsa kuposa onse. Munthu wakuda akaonekamo, kawirikawiri ankabwera kudzatsegula chitseko kapena kudzanyamula zikwama, ndipo ife tinkamudutsa mothamanga, maso ali pa mzungu wa mfuti amene tinkadziyesa kuti ndife. Alipo abambo ena lero, a imvi zawo, amene maganizo awo pa akazi anawabwereka m'menemo ndipo sanawabweze. Mphunzitsi weniweni ndi ameneyo, woti zimene waphunzitsa zithe zaka 40 osasuluka.

Chinakapha si Censorship Board kapena abusa. Ku America kanafa ndi ufulu womwewo umene kanamenyera. Makhoti atamasula chingwe kunabwera magazini ndi mafilimu osaphiphiritsa kanthu, kenaka matepi a vidiyo, ndipo panalibenso wofuna kuwerenga za mafunde ndi namondwe. Kuno kanalimbikirabe m'manja mwa mavenda a mabuku akale m'mbali mwa misewu mpaka foni inafika. Lero mnyamata wa Fomu 2 akagula bandulo amaona m'mphindi imodzi zimene ife tinkazisaka m'buku lonse osazipeza, ndipo satolapo liwu la Chingerezi ngakhale limodzi loti akalembe pa mayeso.

Thupi lake nalonso silinapangidwe kuti likhalitse. Pepala lake linali la mitengo yongopera, lotsika mtengo, lokhala ndi asidi amene amalidya pang'onopang'ono, n'chifukwa chake limasanduka lachikasu n'kumanyenyeka m'mphepete. Guluu wa pamsana amauma n'kusweka. Fungo lija limene anzanga amalinunkhiza atatsinzina, n'kumati likuwakumbutsa unyamata, ndi fungo la pepala limene likuwonongeka.

Koma taonani mwayi wa wonyozeka. Ku America ndi ku Ulaya tsopano kuli anthu amene ntchito yawo ndi kusonkhanitsa timabukuti. Junkie ya William Burroughs, imene Ace inatulutsa mu 1953 pa masenti 35 mlembi atabisala m'dzina la William Lee, lero kope losamalika bwino limagulidwa madola mazanamazana. Wogulayo amaliika m'kathumba ka pulasitiki, kutali ndi dzuwa, ndipo salitsegula kuopa kuthyola msana. Amalipira ndalama zonsezo kuti akhale ndi buku limene palibe analifuna mokwanira n'kuliwerenga mpaka kulidetsa. Makope athu aja ndiye sangagulidwe ngakhale pa mtengo wa sikono. Amene anapulumuka ku chiswe ndi mbaula ali pansi pa masutikesi a amalume, opanda chikuto, opanda mapeto, ndipo amalumewo mukawafunsa akuuzani, maso ali gwa, kuti iwo pa unyamata wawo ankawerenga Baibulo ndi Malawi News basi.