Chipululu Chosafuna Pasipoti

Anthu a ndalama zawo akafuna kujambula chipululu amakwera ndege kupita ku Namibia. Kumeneko, m'chipululu cha Namib, kuli milu ya mchenga wofiira, ina yotalika kuposa mamita 300, ndipo pamalo otchedwa Deadvlei pali mitengo imene inauma zaka mazanamazana zapitazo koma ikadali chiimire. Alendo amalipira kuti akaijambule. Mitengo youma, abale anga! Ikanakhala kwathu kuno sikanagona usiku n'umodzi womwe, bwenzi itaphika kale nyemba.

Ine pasipoti ndilibe, ndege ndimangoiona ikudutsa m'mwamba. Koma luso lojambula ndili nalo, ngakhale amene amandichitira umboni ndi ine ndemwe. Ndiye Okutobala akafika ndimatenga foni yanga ya galasi long'aluka n'kuzungulira kuseri kwa mudzi. Chipululu ndimachipeza pompo: tchire lapsa, mtsinje wasanduka mchenga, phiri lametedwa mpala.

Chinsinsi cha ntchitoyi n'kudikira dzuwa lipendeke, zithunzithunzi zitalike, kenako n'kugona chafufumimba kuti chulu chioneke ngati phiri. Pamafunika changu, chifukwa kuno dzuwa silitsanzika kawiri. Ikamakwana sikisi koloko lapita. Ukamachotsa majumbo amene akodwa pachitsa, mbuzi yalowa pamene pamayenera kuima ngamila. Ukathamangitsa mbuzi, kwada. Chimene sichisowa pazithunzi zanga zonse ndi chala changa chomwe.

Vuto lina ndi anthu. Munthu wovala malaya opisira akaloza foni kumunda, mbiri imathamanga kuti kwabwera kalembera. Tsiku lina ndikudzuka pansi ndinapeza mzere kumbuyo kwanga, aliyense chiphaso kumanja.

"Achimwene, ndi za feteleza kapena za chimanga?" anafunsa agogo ena.

"Ayi agogo, ndikungojambula fumbi."

"Fumbi? Tiyeni mukajambule m'nkhokwe mwanga, ndi mmene muli lambiri."

Koma thambo lamadzulo lokha sindinama, limakongola. Ophunzira amati dzuwa likamalowa, kuwala kwake kumadutsa mumpweya wochuluka, ndiye kwa buluu kumamwazikira m'njira, kofiira n'kumatifika m'maso. Fumbi ndi utsi zimawonjezera kufiirako. Utsiwo tikuudziwa kumene umachokera: anyamata osaka mbewa, mauvuni a njerwa ndi a makala. Kunena kwina, utoto wa zithunzi zanga ndi mitengo imene ikupsa.

Usiku magetsi akazima nyenyezi zimatuluka zonse, ine n'kuloza foni kumwamba mwaukatswiri. Chimene chimatuluka ndi mdima wokhawokha. Mayi a kunyumba atachiona anafunsa ngati foniyo inadzijambula yokha m'thumba la buluku.

Ndinawauza kuti asandiderere, tsogolo la ntchito yangayi ndi lowala. Nyanja ya Chilwa inaphwa mu 1995, n'kudzaphwanso kwambiri mu 2018, mabwato n'kukhala padothi long'aluka, anthu akuyenda pansi pamene ankapalasa. Phiri la Ndirande ku Blantyre linali ndi nkhalango, lero miyala ili pamtunda. Zikapitirira chonchi, a ku Namibia ndi amene azidzakwera ndege kubwera kuno, ine n'kumawalondolera pamtengo wofikirika.

Mayiwo anangoloza thumba la makala limene ndimabwera nalo panjinga mwezi ukatha. "Bambo a ana, ndiye kuti chipululucho mukuchimanga nokha, n'kumachijambulanso nokha?" Ndinayesa kuyankha, koma pakhosi panalowa fumbi.

Choncho mvula ikagwa, nyengo yodzala mitengo ikayamba mu Disembala, dzalani abale, ndipo muziithirira ndi kuiteteza ku mbuzi, osati kungojambulitsa mutagwira khasu. Ndilandeni ntchitoyi, sindikadandaula kulikonse. Chipululu tiwasiyire a ku Namibia, iwo anachita kupatsidwa ndi Chauta.