Mkamwini wa m'laputopu yanga

Bandulo yakweranso mtengo, ndipo ine, wodzitcha katswiri chifukwa ndinaika Linux pa laputopu ya pakaunjika, ndaimalizira pa mlandu wa chikamwini.

Kernel, mtima wa Linux umene Linus Torvalds anayamba kulemba mu 1991, ndi mudzi. Madalaivala ambiri ndi ana a pamudzipo: kernel ikasintha, nawonso amakonzedwa limodzi. Koma dalaivala wa Wi-Fi yanga ndi mkamwini, module yobwera. Kernel yatsopano ikafika imamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kuona kuti anamangidwira kernel yakale, basi: "Invalid module format." Ndiko kuti achimwene, pindani mkeka muzipita.

Ankhoswe alipo, dzina lawo DKMS, anachokera ku kampani ya Dell mu 2003. Ntchito yawo ndi kumanganso mkamwiniyo kernel ikasintha, n'kukamukhazika mu /lib/modules. Ndi ankhoswe abwino, koma sayenda chimanjamanja. Amafuna linux-headers, amafuna gcc, zonsezo zili pa intaneti. Nanga intanetiyo ndiitenga kuti, poti wokatunga ndi mkamwini yemwe wathamangitsidwa uja? Ndinalumikiza foni ndi chingwe, bandulo n'kumasungunuka ine ndikuona. Mayi a kunyumba anafunsa ngati kompyutayo yadwala. Ndinati ayi, ikukamba za banja.

Titangoti zatha, anatulukira malume, a Secure Boot: siginecha ya mkamwiniyu ili kuti? Ndiye kuzimitsa, kuyatsa, sikirini ya buluu, kulembetsa kiyi, pasiwedi imene ndinaipeka ndili ndi njala. Mkamwiniyo atalowa m'nyumba, kernel inalembabe m'kaundula mwake kuti yadetsedwa. Mkamwini angalime bwanji, munda si wake.

Koma apongoziwo sindiwada ayi. Osamalira kernel ananena kalekale kuti dalaivala akaperekedwa poyera n'kulowa m'mudzi, adzamusamala okha. Makampani ena opanga tizipangizoti amakana, amabisa code yawo, atalandira kale ndalama. Wolipira kubisako si iwo, ndi munthu wogula bandulo ya tsiku limodzi amene amangofuna kutumiza kalata yofunsira ntchito. Mu 2012 Torvalds anakwiyira kampani ya Nvidia mpaka kuiimikira chala chapakati pamaso pa kamera ku Finland. Iyeyo kamera anali nayo.

Kernel yatsopano imatuluka pakangotha milungu 9 kapena 10. Ankhoswe ndawauza asapite kutali.