Mame amene anakana kukamuka ku Senga Bay

Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Ankatanthauza kuti munthu akakufikira pakhomo usamuwerengere nthongo. Mugwirire nkhuku, umuyalire mphasa yatsopano, ana akagone kukhitchini, pakuti mawa dzuwa likamafika paliwombo munthuyo adzakhala atapita, chotsala n'kukhala mbiri yako basi. Mwambi wabwino ndithu. Koma amene anaupeka ndikukhulupirira kuti anali wa kumtunda, cha ku Dowa kapena ku Ntchisi uko, kumene mlendo akaona kuti ndiwo zabwerera ku nkhwani amayamba yekha kufunsa njira. Akanakhala wa kuno kunyanja akanauganizira kawiri.

Kuchoka pa boma la Salima kukafika ku Senga Bay ndi makilomita pafupifupi 20, ndipo msewu umenewu unazolowera alendo kalekale. Njanji yochokera ku Blantyre inafika ku Salima mu 1935. Kuyambira nthawi imeneyo anthu akhala akubwera kudzaona madzi omwe ife timachapiramo mapoto, ena mpaka kuwajambula. Tawaona ambiri, moti tikhoza kuwaika m'magulu.

Mame oyamba amagwa Lachisanu madzulo. Amachokera ku Lilongwe, kutsika ndi msewu wa M14, galimoto zitadzaza ana, matawulo ndi ma cooler box. Amenewa mwambi sunawanamizire. Lamulungu masana amakhala atakamuka, atasiya mabotolo a Green, minga ya chambo ndi silipasi imodzi ya mwana pamchenga. Asananyamuke pamakhala mwambo wa nsomba. Bwana yemwe m'sitolo yaikulu ku Lilongwe amalipira osafunsa mtengo, pano amaima pambali pa msewu theka la ola akulimbana ndi mnyamata wa chambo.

"Bwana, cha lero ichi. Taonani maso ake."

"Iwe, nsomba mumangotola m'madzi izi. Unaidyetsa gaga ngati?"

"Mafuta a injini, bwana. Injini ndi imene imadya."

Akagwirizana, chambocho amachimangirira pa galasi loonera kumbuyo, kunja kwa galimoto, kuti mphepo izichiwomba. Ndiye muone galimoto ya mamiliyoni ambirimbiri ikukwera mapiri olowera ku Dowa, nsomba zitalendewera m'makutu. Ndi chiphaso chimenecho. Aneba aku Area 47 asakaike kuti munthu anali kunyanja.

Usiku wa ku Senga Bay uli pawiri, ndipo alendo amangodziwa umodzi. Wawo ndi wa pamchenga: masipika a amapiano, utsi wa kanyenya, chiwaya cha tchipisi, ndi bambo wina wamimba amene wavula shati n'kuyamba kulumbira kuti asambira mpaka pa chilumba cha Namalenje. Usiku winawo uli pamadzi. Kukangoda, maboti amatuluka ndi nyali. Siginala amakhala m'bwato mwake ndi nyali zakezo kuitana usipa, anzake akudikira kuti azungulize ukonde wa chilimira. Mwezi ukawala kwambiri ntchito imaima, chifukwa usipa sulabadira nyali pamene kumwamba kuli ina yaikulu yaulere. Koma pa mdima wa bii nyalizo zimandanda kutali, mzere wautali, ndipo sipalephera mlendo wofunsa woperekera zakumwa kuti, "Kodi tauni ikuwala ukoyo ndi ya ku Mozambique?" Anyamata athu ndi aulemu. Amayankha kuti, "Eya bwana, koma imasamuka m'mawa."

Magulu awiriwa amakumana m'bandakucha, nthawi imene kumzikiti akuitanira mapemphero. Onse maso ali psuu, onse akudzandira, onse akununkha. Kusiyana kwake n'kwakuti ena abwera ndi ndalama za sukulu ya ana, ena azisiya pa kauntala.

Pakakhala chikondwerero ndiye zimaposa pamenepa. Lake of Stars inachitikira ku Kabumba Hotel mu 2018, ndipo Sand Music Festival ya malemu Lucius Banda yachitikapo kangapo pamchenga wa Livingstonia Beach. Masiku amenewo m'mudzi simukhala chipinda chopanda ntchito. Nkhuku zimasamutsidwa, agogo amakagona kwa achemwali awo, ndipo mwambi umatembenuka: mphasa yatsopano mlendo timamuyalira ndithu, koma risiti ili pamwamba.

Mame achiwiri amagwa Lolemba, atavala chitupa m'khosi. Awa ndi a wekishopu. Amayenda ulendo wonsewo kudzakhala m'holo yotseka makatani, nyanja ataipatsa msana, n'kumakambirana za kuthetsa umphawi mpaka belu la tiyi. Boma laletsapo kangapo misonkhano ya kunyanja pofuna kupulumutsa ndalama. Likaletsa, mahotela amalira, ogulitsa ziboliboli pamsewu amalira, kenako pakapita miyezi misonkhano ija imabwerera itasintha dzina. Sindiwada anthu amenewa. Amakamuka mwaulemu, akangosaina pepala la alawansi.

Tsono pali mame achitatu, amene anakana.

Mlendo ameneyu mumudziwa. Anafika ali mnyamata, chikwama kumsana, akuti apumako masabata awiri ali pa ulendo wochokera ku Nairobi kupita ku Cape Town. Lero ndevu zayera. Ali ndi galu, boti loti injini yake inafa nthawi ya a Bingu, ndi mpando wake pa bala umene wina aliyense saukhala. Mukamufunsa ngati Chichewa amachimva, amati "pang'ono pang'ono", yankho lomwe ankapereka chaka chimene anafika. Ali ndi dzina lachiwiri limene amadziwika nalo kuchokera ku Lifuwu mpaka ku Chipoka, ndipo amene salidziwa ndi iye yekha.

Tsiku lake limayamba ndi kufunsa ngati magetsi alipo. Akakhalapo amadabwa, akapanda kukhalapo amakhutira, pakuti wapeza nkhani ya tsikulo. Koma chimene chimamuwawa koposa si magetsi, si udzudzu, si mapepala a chilolezo chokhalira m'dziko. Ndi azungu anzake. Mzungu wakale amadana ndi mzungu watsopano kuposa mmene ife tingathere. Akaona atsikana awiri afika dzulo, khungu litafiira ndi dzuwa, akulipira wa kabaza kawiri mtengo wake n'kumuthokozanso, mkuluyu amagwira kumutu. "Akuwononga mitengo anthu awa," amatero, akuyang'ana ife kuti timuvomereze. Akatero amawaitana n'kuwalangiza za likodzo, za mvuu, za anyamata a pagombe amene amayamba ndi kukugulitsa chibangili n'kutsiriza ndi kufunsira ukwati. Amawauzanso kuti Senga Bay yeniyeni inatha, anaipeza ndi iyeyo. Agogo amene akusoka ukonde pansi pa mtengo, omwe anabadwira pomwepo, amangomwetulira.

Tisanamizane, ena mwa okana kukamukawa anasiya zooneka. Stuart Grant, mzungu wa ku England, anakhazikika ku Kambiri Point n'kuyamba kutumiza mbuna ndi tinsomba tina tamitundumitundu kumaiko akunja, kwa anthu amene amaweta nsomba m'magalasi pabalaza, osadya. Analemba ntchito anthu a kuno, ena anaphunzira kumira pansi pa madzi, ndipo pali nsomba ina ya m'nyanja muno imene akatswiri anaitcha dzina lake. Anamwalira mu 2007. Uja mwambi wina woti mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa umamukhala bwino. Vuto n'lakuti aliyense wotsika ndege amaganiza kuti kalumoko ali nako ndi iye, ngakhale amene wangobwera ndi gitala.

Nkhani za m'dera muno nazo zimayenda m'njira ziwiri. Alendo okhazikikawa ali ndi magulu awo a WhatsApp, ndipo mitu ya nkhani zake sisintha: mafuta afika pa boma, thamangani, galu wasowa, amamva dzina lakuti, ndani akuliza nyimbo usiku uno, kodi alipo akupita ku Lilongwe andigulireko tchizi. Pagombe nkhani zake ndi zina: chigoba cha usipa chafika pa zingati, mwera wagubuduza boti la ndani, injini ya yani yabedwa, ndi mzungu uti amene mkazi wake wamuthawa. Nkhani yomalizayi imafika pagombe mwini wake asanaimve bwinobwino. Iye amakhala kuseri kwa mpanda wautali, geti lachitsulo, agalu awiri, n'kumati ali payekha. Amaiwala kuti wophika, mlonda ndi wa m'maluwa onse amapita kwawo madzulo pa kabaza, ndipo wa kabaza sapalasa ali chete. Mtolankhani wamkulu wa Senga Bay ndi ameneyo, salipidwa ndi nyuzipepala iliyonse.

Nthawi zina nkhani imakhala imodzi koma imamveka mosiyana. Mu November 2023 kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti, olandira madola anapukusa mitu mwachisoni n'kuitanitsa mabotolo ena. Pagombe anthu ankawerengera malita a petulo, mtengo wa ukonde ndi thumba la chimanga, ndipo panalibe woitanitsa kanthu.

Apa ndi pamene nthabwala imayamba kuwawa pang'ono. Mwambi uja umatiuza kuti tizipatsa mosaumira chifukwa mlendo apita. Sunanene choti tichite akati wakonda malo. Amayamba ndi kupempha pomanga kanyumba kopumuliramo. Kenako pamabwera mpanda. Mpandawo umatsika, kutsika, mpaka kukanyowetsa mapazi m'madzi. Woyandikana naye amamanganso wake, kulumikiza. Tsiku lina mayi amene anabadwira m'mudzimo amasenza beseni la mbale kupita kumene amayi ake ankatsukira, n'kupeza geti ndi mlonda. Mlondayo ndi mphwake.

"Azakhali, pano sipodutsa. Abwana amakalipa."

"Abwana ake ati? Si amabwera pa Khirisimasi pokha?"

"Amaonera pa kamera, azakhali."

Mayi uja amazungulira, mtunda wautali, dzuwa la ku Salima likuswa mtengo. Pofika kumadzi, mlendo amakhala ali iyeyo.

Ndipo tisamangoloza azungu, chala chingathyoke. Mipanda yambiri imene ndimaiona ndi ya ife tomwe, mabwana a m'tauni, ochita malonda, opuma pa ntchito za boma, ana a kuno amene zinawayendera kunja. Mzungu wa ndevu uja ndi bwino, amakhalamo m'nyumba mwake, amagula tomato pamsika, maliro akagwa amabwereketsa galimoto. Koma pali nyumba zina zimene chaka chonse mumagona abuluzi ndi mlonda, mwini wake akungolipira ndalama kuti wina aliyense asapondepo. Amenewa sindidziwa kuti tiwaike gulu liti. Sabwera, koma sachokanso.

Amene anayesa kuweruza mlanduwu ndi nyanja yomwe. Mu 2024 madzi anakwera kwambiri, n'kulowa m'malo ambiri ogona alendo m'mbali mwa nyanja. Kapinga wothiriridwa bwino uja anamira, mipanda ina inagwa, mafunde n'kumagogoda pa makauntala. Nyanja siwerenga chikwangwani choletsa kulowa. Koma chiweruzo chake chinali cha chidule, chifukwa sinasankhe: inalowanso m'nyumba za asodzi ndi m'mathandala oyanikapo usipa, ndipo ogwira ntchito m'malo ogona alendo aja ndi amene anayamba kuuzidwa kuti akadikire kunyumba. Amene tinkaseka mpanda ukugwa tinasiya msanga.

Malo amodzi okha m'boma lino ndi kumene mwambiwu ukugwirabe ntchito monga lamulo, ndipo ndi pa chilumba cha Mbenji, m'dera la Senior Chief Makanjira. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, chilumbachi chimatsekedwa mu December n'kutsegulidwa mu April. Nthawi yotseka ikakwana, msodzi aliyense amapasula msasa wake n'kubwerera kumtunda, nsomba ziswane. Ikakhala nthawi yopha, pachilumbapo saloleza mowa, chamba kapena njuga. Salolezanso akazi, koma lamulo limenelo ndisiyira amayi alikambe okha, ndikufuna ndikadye nsima madzulo ano. Chimene ndikunena n'chakuti pa Mbenji aliyense ndi mlendo, ndipo tsiku lokamuka amalengeza ndi mfumu. Palibe wa mpanda, palibe wa kamera. Zotsatira zake asodzi amazidziwa: utaka wa ku Mbenji ndi waukulu, ndipo akatswiri a za nsomba amachita kubwera kudzaphunzira kwa anthu omwe sanachitepo wekishopu. Tangoganizani lamulo la mowa lokhalo litafika pa Senga Bay Loweruka limodzi. M14 ikhoza kumera udzu.

Pakadali pano a ku Lilongwe apeza nzeru ina. Pali ntchito yoika mapaipi otenga madzi m'nyanja kuno ku Salima kukwera nawo mpaka ku likulu, nkhani yomwe yakhala ikukambidwa kwa zaka zambiri. Ikadzatha, nyanja ndi imene izidzawayendera kwawo, kutulukira pa mpopi. Tikuifunira ulendo wabwino, ndipo tikhulupirira kuti kumeneko akaigwirira nkhuku.

Bwerani ndithu, alendo. Chambo tikusungirani, bwato tikukwezani, funso la tauni ya ku Mozambique lija tidzakuyankhaninso mwaulemu. Mukakonda malo, khalani, dzina tikupatsani. Koma inu amene mwagula kale puloti ndipo njerwa zili pa uvuni, pakati pa mpanda wanu ndi wa mnzanu musiyepo kanjira kopita kumadzi, koti mayi wosenza beseni adutse osapendeka. Mamita awiri akwana.